Tsiku Limene Ndinaliritsa Mudzi wa Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chipoka ndimatsitsira chipewa kumaso, chifukwa kumeneko kuli anthu amene amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni.

Zinayamba ndi usipa. Akazi anga, amake Tadala, anayanika usipa wawo pathandala kuno ku Senga Bay n'kundiuza kuti ndiziyang'ana kumwamba, iwo akupita kuchigayo. Ine ndinali ndi filimu yachikondi ya ku Philippines pafoni (akamaonera iwo ndinkawanyoza, ndiye ndinkaonera mobisa). Mvula inabwera ine osaimva. Usipa wonse unaonongeka, ndipo m'malo mopepesa ndinati, "Inunso mumayanika bwanji nsomba mitambo ili chonchi?" Mawa lake anabereka mwana, ulendo wa kwa amayi awo ku Chipoka.

Sabata inatha foni osayankha. Ndinachita mantha kuti banja latha, koma mawu oti "pepani" ankandikanira pakhosi. M'pamene ndinayamba kuionera filimu ija ngati mwana wasukulu. Ndinaona kuti chimene chimatiliritsa si zimene amalankhula. Mwamuna akalakwa amapita kwa mkazi n'kuima chapatali, osanena kanthu. Amationetsa nkhope yake nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, kanyimbo kakulira chapansipansi, kenako msozi umodzi n'kutsika. Mkazi uja amataya chimene wanyamula n'kumuthamangira. Ndinati basi, mankhwala ndi amenewa, komanso pepani palibepo.

Ndinavala malaya akuda (oyera anali osachapa), ndinakwera minibasi, n'kufika m'mawa ndithu. Sindinaodire. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, chipewa kumanja, mutu pansi. Nditaona kadiresi ka Tadala pachingwe, misozi inabwera yokha, yeniyeni.

Apongozi anga aakazi ankapeta mpunga pakhonde. "Bambo a Tadala, kwagwanji?"

Ine chete. Mufilimu sayankha.

"Kodi ndi amayi anu aja ankadwala?"

Ndinaluma mlomo n'kuyang'ana kumbali, monga amachitira mnyamata wa mufilimu uja. Lichero linagwa pansi. Mumtima ndinati zayamba kugwira ntchito, koma apongozi anagwira m'mutu n'kuyamba kulira maliro. Ndinaiwala kuti kwathu kuno mkamwini akafika wosaodira, atavala zakuda, chipewa kumanja, ndiye kuti wabwera ndi uthenga wa zovuta.

Amayi oyandikana nawo anabwera akumanga zitenje, abambo atanyamula mipando. Wina anathyola masamba n'kukaika pamsewu. Mkulu wa mpingo anandigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu, "Limbani mtima. Atisiya nthawi yanji?" Apa ndinkafuna kulankhula, koma ndiyambire pati?

Amake Tadala anatulukira kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha. Sanataye kanthu, sanathamange. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi awo ndalankhula nawo m'mawa uno, ali kumunda," anauza anthuwo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, mwadzatani?"

"Ndimafuna ndichite ngati mufilimu muja," ndinanong'ona.

Anapukuta manja pachitenje. "Mufilimu timalira chifukwa taona zonse kuyambira poyamba, ndipo tikudziwa chimene munthuyo akulephera kunena. Anthu awa aona chiyani? Auzeni."

Choncho pepani uja ndinkamukaniza munthu mmodzi m'nyumba ndinamunena pamaso pa mudzi wonse. Ndinafotokoza za usipa, za foni, ngakhale za mitambo ija ndinainamizira. Ndinapepesanso apongozi, amene anali akutola mpunga wawo m'dothi osandiyang'ana. Masamba a pamsewu ndinakachotsa ndekha, ndipo manyazi ake sindidzawaiwala.

Amake Tadala anabwerera patatha masiku atatu. Mafilimu aja tsopano timaonera limodzi, ndipo ine ndi amene ndimayamba kulira. Koma mwamuna akangoima chapatali osanena kanthu, amandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Ameneyo kukanakhala ku Chipoka, bwenzi anthu atayamba kale kukumba manda."