Dothi la a Ezekiel Linawoloka Nasolo

Ku Ndirande konse kunalibe munthu wansanje ngati malemu a Ezekiel Mhango. Koma mkazi wa mwini kapena galimoto ya mnzawo analibe nazo ntchito. Iwo nsanje yawo inali ya dothi.

Atapuma ntchito m'boma, anamanga nyumba m'mphepete mwa mtsinje wa Nasolo, moyang'anizana ndi a Wahabu, telala wa kutsidya. Masiku amenewo phiri la Ndirande linali ndi mitengo, mtsinje unkayenda mwaulemu. Mitengo itathera m'mbaula, nyumba n'kukwera phiri, madzi anayamba kutsika ngati akuthamangitsidwa. Dzinja lililonse ankagumula gombe la a Ezekiel n'kukatula dothilo kwa a Wahabu, omwe ankangodzalapo tomato.

"A Wahabu!" ankakuwa m'mawa, atavala jekete la ku ofesi. "Tomatoyo akukoma?"

"Kwambiri, achimwene."

"Alekerenji kukoma? Manyowa ndinathira ndine!"

Tsiku lina anawoloka ndi wilibala kukatenga dothi lawo. A Wahabu anafunsa kuti alizindikira bwanji. A Ezekiel anatapa pang'ono n'kununkhiza.

"Ili ndi langa. Lanu limanunkha mafuta a makina."

Chaka chimene mtengo wawo wa mapeyala unagwera m'madzi n'kukakodwa kutsidya, a Wahabu anakhoma nawo benchi. A Ezekiel chakudya chinawakanika. Akazi awo, a Ruby, anati, "Bambo, tisamuke. Chimbudzinso chatsala pang'ono kupita."

"Kuti nachonso chikhale cha Wahabu? Ndifera pompano!"

Mawa lake anakakhala pabenchipo tsiku lonse, ati akulondera katundu wawo. A Wahabu anawapatsa tiyi. Anamwa yense, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Kuyambira pamenepo ankawoloka masana aliwonse kukakangana, makina akulira, iwo akuloza mzere uliwonse wa tomato n'kumatchula chaka chimene unabedwa.

A Ezekiel anamwalira m'chilimwe, mtsinje uli zii. A Ruby anatseka nyumba n'kupita kwa ana ku Mzuzu.

Mvula itagwa, mtsinje unatembenuka n'kuyamba kudya gombe la a Wahabu. M'mawa mwake telalayo anaima pagombe kuona dimba lake likupita, maso ali kutsidya, kudikira kuti wina atuluke adzamuseke. Chitseko chinali chikhomere. Anabwerera pa makina, koma tsiku limenelo sanasoke kanthu.