Makumba a Mapiko pa Festa ya Rozinya

Iwe ukuseka kuseri kwa njingayo, tsamiritsa dengu lako pamtengo ubwere ukhale apa, chifukwa ulendo umenewu ndinaupalasa ndi manja awa, ndipo amene akuti ndi bodza andiuze kumene iyeyo anali tsiku limenelo. Ine Zakariya ndinabwerako kothawa nkhondo ku Malawi ndi mkazi mmodzi ndi nkhafi imodzi, ndipo chibwerereni nyanja ya Chiuta sinandibisirepo kanthu.

Mdzukulu wanga Rozinya anadwala miyezi itatu chaka chimene ankakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Thupi linachira, koma kuseka anasiya, ankangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Azakhali ake a ku Cuamba anamubweretsera buku la Chipwitikizi, livulu lachikuto chobiriwira, lonena za mtsikana amene anapalasa bwato mpaka pachilumba cha m'mitambo, kumene nsomba zili ndi mapiko ndipo zimagona m'mitengo. Ine zolembalemba za Chipwitikizi zinandipita, ndiye iye ankandiwerengera n'kumamasulira, chala chili pamzere, ndipo ndinkamva mawu ake akubwerera pang'onopang'ono ngati madzi m'dambo mvula yoyamba ikagwa. Tsiku lake lobadwa litayandikira anapempha festa, phwando lake, yonga za m'bukumo. Mayi ake anadula mapiko a makatoni a ana khumi ndi awiri, azakhali analonjeza bolo, ndiye keke, wooneka ngati chilumba, koma mnzake wina wa m'kalasi anamuseka kuti nsomba youluka kulibe, bukulo ndi la makanda. Ndinamupeza atalibisa pansi pa mphasa, akunena kuti festa ilekeke. Ndinagwira ndevu zangazi n'kumulonjeza kuti nsombazo adzaziona pabwalo pakepo.

M'mawa wa tsikulo ndinakankha bwato chifunga chili bii, chokhuthala ngati thonje la m'dengu, moti nkhafi inkachiluma n'kusiya dzenje, ndipo nditapalasa kudutsa m'mabango ndinamva kuti madzi asiya kugunda pansi pa bwato, mphuno yake yaloza kumwamba, ndikukwera chifunga chija monga munthu akwerera chitunda, kupalasa, kupalasa, akakowa akundipatukira, mpaka nditasuzumira pansi ndinaona Chiuta yense ali ngati lichero, nyanja inzake ya Amaramba ili ngati kagalasi kotayika m'udzu, ogulitsa nsomba a mbali zonse ziwiri za malire akuyenda ngati nyerere zonyamula mpunga. Mukumva? Kumwambako kulibe phokoso. Madzi ake ndi oyera, opepuka, ndinatunga m'manja kumwa, ndipo m'malo mozizira kukhosi ndinamva mayi anga, amene tinawaika m'manda kale ndili mnyamata, akuimba nyimbo yawo yosinjira, bwinobwino, ngati ali kuseri kwa nyumba.

Chilumbacho ndinachipeza chikuyandama chokha, mitengo ya mango mizu yake ikulendewera pansi kuyamwa mvula, ndipo m'nthambi munali makumba mbwee, ali ndi mapiko onga a tombolombo, ena akuwodzera, ena akudzikuna mamba padzuwa. Padoko panaima vuwo, mbalame yodya nsomba ija, wamtali kuposa mzikiti wa kwathu, atavala magalasi, ndipo anandifunsa bilyeti langa, ndiye chiphaso. Ine ndinalisiya m'thumba la jekete kunyumba, ndiye ndinangotchula dzina la mwana uja ndi matenda ake. Vuwo anayasamula, n'kutulutsa m'chikwama cha pakhosi pake livulu lomwe lija, natsegula chakumapeto, ndipo patsambapo ndinadziona ndekha nditajambulidwa, chipewa chong'ambikachi, dzino losowali, nkhafi ili m'manja. Anandiuza kuti nsomba za kumeneko sizikodwa ndi ukonde, zimatsata munthu woziimbira. Ndinaimba ija ya mayi anga, ndipo makumba asanu ndi awiri anatsika mumtengo n'kutera paphewa panga ndi pamphuno ya bwato.

Pobwerera ndiye panali ntchito, chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo njira yanga inkasungunuka, kutsogolo mabowo, kumbuyo mabowo, komanso mtambo wakuda wodzaza mvula unkalunjika pamudzi pathu penipeni pa bolo wa mwana, ndiye ndinaima m'bwato, kuuponda ndi phazi limodzi, kuukankha ndi nkhafi mpaka unatembenuka n'kukakhuthukira ku Amaramba, kumene chaka chimenecho phesi lililonse linabereka zisononkho zitatu, kafunseni, kenako ndinasolola ulusi wa malaya anga, kumanga makumba aja m'michira, iwo n'kumakoka bwato ngati ng'ombe pangolo, kutsika, kutsika, kupyola pamwamba pa minda ya chinangwa, mpaka tinatera pabwalo fumbi osadzuka n'komwe, ana ali pakati poimba parabenzi, nyimbo ya tsiku lobadwa. Mukundimva inu?

Nsomba zija zinazungulira bwalo katatu, mamba akuwaza kuwala pamakoma, ndipo ana onse ovala mapiko a makatoni ananyamuka pansi kutalika kwa chikhatho, kuyandama chete, zala za kumapazi zikulendewera. Mnzake womuseka uja ananyamuka kuposa onse, tinachita kumutsitsa padenga ndi nsungwi. Rozinya anaima pakati, korona wa pepala atapendekera, anayang'ana nsomba, anayang'ana ine wonyowa mpaka m'khosi, kenako anaseka, kuseka kwake kwakale kuja, mpaka anakhala pansi, ndipo mayi ake anatembenukira kukhoma kupukuta maso ndi kapulana, chitenje chawo.

Ana atadya bolo n'kubalalika, iye anabwera kudzakhala pambali panga, nsomba imodzi ili pamiyendo pake, akuisisita phiko. Anandinong'oneza kuti, "Anganga, phala la chinangwa lomwe mwamatira mapikowa silinaume. Koma anzanga sindiwauza."

Ndinamuyankha kuti achita bwino, ndipo anandipatsa chidutswa cha bolo chimene anandisungira.

Tsono inu mukugwedeza mitu, mwati mwandigwira. Kumwambako nsomba zimabadwa zopanda mapiko ngati zathuzi, amachita kuzimata ndi phala la chinangwa zikakula, ndipo zanga zinali zomata m'mawa womwewo. Wotsutsa akwere akaone yekha, bwato langa ndi ilo, ndimubwereka.