Chotupa cha M'vesiti

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti akazi anga anaifalitsa kale Kachebere yense, bola muimve kwa mwiniwakene.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinali mkulu wa mpingo, katswiri wodzudzula zithumwa pa guwa. Koma pakati pa sabata ndinkadutsitsa zitenje za ku Zambia panjinga, m'njira zachidule. Ndiye sing'anga wina wa kutsidya anandikonzera kachithumwa kophimba maso a asilikali a m'malire, ndipo ndinakasokerera mkati mwa vesiti, pamtima penipeni. Malipiro ake inali mbuzi yoyera ya madontho akuda ya akazi anga, Anabanda. Iwo ndinawauza kuti yagwidwa ndi fisi.

Chaka china mtima unayamba kundigunda ngati chigayo. Kuchipatala cha paboma ananditumiza ku Lilongwe, Anabanda n'kundiperekeza.

Tinayamba ndi X-ray.

"Bambo, vulani malaya ndi vesiti," anatero nesi.

"Malaya ndivula, mwana wanga, koma vesiti ayi. Mkulu wa mpingo sangaime chifuwa pamtunda pamaso pa munthu wamkazi!"

Anapukusa mutu n'kundijambula choncho.

Kenako anandilowetsa ku sikani, makina atsopano oonetsa mtima ukugunda pa kagalasi. Uko kunali dokotala wamwamuna wosanyengerera. Vesiti ndinavula, n'kuipinda msangamsanga, n'kuikhalira. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsapo kachitsulo kake. Nditavala, anaitana Anabanda.

"Njira ziwirizi zimathandizana," anatero dokotala. "X-ray imaonetsa kukula kwa mtima, sikani imaonetsa mmene ukugwirira ntchito mkatimo. Koma zithunzi zanu zikukangana. Sikani ikuti mtima uli bwino, vuto ndi BP basi. X-ray ikuti pamtima pali chinthu cholimba, chozungulira, chobooka pakati."

Anabanda anagwira kumutu. "Mayo ine! Awalodza! Ndi ansanje a kumpingo aja!"

Ine ndinadziwa pompo kuti ndi chiyani, koma ndinangoonetsa nkhope yachisoni ngati wodwaladi.

"Munamezapo kachitsulo?"

"Ayi, adokotala."

"Munawomberedwapo ndi mfuti?"

"Ine? Munthu wa Mulungu?"

"Ndiye tikugonekani. Mawa akuoneni a opaleshoni, mwina pafunika kutsegula."

"Kutsegula chiyani?"

"Chifuwa chanu, bambo."

Kuno mpeni, uku mbiri yanga. Ndipo ndikuuzeni zoona, abale anga, ndinasankha mpeni! Ndinaona kuti bola kung'ambidwa kusiyana n'kuti Anabanda adziwe. Ndinafunsa ngakhale za bedi, ngati lilipo la pafupi ndi windo.

Basi nesi uja analowa ndi mafayilo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chithunzi chili m'manja mwa dokotala.

"Adokotala, bambo awa ndi aja anakana kuvula vesiti."

Dokotala anatambasula dzanja.

"Tabweretsani vesitiyo."

"Ndi yakuda, adokotala, sinachapidwe..."

"Bweretsani!"

Anaifufuza ndi zala, n'kutenga sizasi. Opaleshoni inachitikadi, koma pa vesiti. Patebulo panagwa kathumba kachikopa. Atakang'amba, munatuluka washala ya njinga, yadzimbiri. Mankhwala onse amene ndinkawadalira pamalire aja anali omwewo! Dokotala anaiyika washalayo pa chithunzi cha X-ray, ndipo inakwanira ndendende. Anaseka mpaka kuvula magalasi, nesi anathawira pakhonde.

Anabanda okha sanaseke. Misozi inali itauma. Anatola kachikopa kaja, n'kukatembenuza, n'kusisita ubweya wake woyera wa madontho akuda. Mtima wanga, umene sikani inati uli bwino, unatsala pang'ono kuima.

"Abambo," anatero mofatsa kwambiri, "chikopa ichi ndikuchidziwa. Kani fisi uja amadziwanso kusoka?"

Chithumwa chingaphimbe maso a msilikali, koma a X-ray ayi, ndipo a akazi ako ndiye usayerekeze n'komwe.