Shafiti m'mafuta a mandasi

Nkhani iyi ndimaibisa ngati chithupsa cha pathako, koma poti Ndirande yonse inaimva kale, lero muimve kwa mwini wake.

Matipati atangobwera, kampani yathu inagulitsidwa, ife n'kutiuza kuti tikapume. Ufulu tinaupeza, ntchito n'kutithawa. Pakhomo tinkadyera mandasi amene mkazi wanga, mayi a Joyisi, ankagulitsa pa siteji ya maminibasi. Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinatola zitsulo za ku sikirapu ndi mota yakale n'kupanga makina osemera miyendo ya mipando.

Vuto linali shafiti, chitsulo chozungulitsa mtengo, inkangopindika. Mmisiri wina wa ku Chirimba anandilangiza kuti, "Iwotcheni ifiire, muiviike mu oyilo, kenako muitenthetsenso pang'ono, apo ayi iuma ngati galasi." Zomalizazo ndinaziona ngati zongochedwetsa munthu.

Oyilo wa galimoto ndinalibe. Mayi a Joyisi atapita kumpopi, ndinafiiritsa shafiti pa mbaula n'kuimiza m'chiwaya cha mafuta awo okazingira mandasi. Utsi unangoti tolo! Podzutsa mutu, ndinaona a Nachisale, aneba athu, ali pampanda, kukamwa kuli yasa.

"Bambo a Joyisi, chimenecho n'chiyani?"

"Sayansi, mayi!"

Pofika masana sayansi ija inali itasanduka chizimba. Akuti mandasi athu amayenda malonda chifukwa ndimaviika chitsulo chamoto m'mafuta. M'mawa mwake akuti chitsulocho ndinachizula pa bokosi la maliro! Beseni la mandasi linabwerera lodzaza. Ngakhale makondakitala, anthu odya chilichonse aja, ankalambalala.

Mayi a Joyisi analira. "Ntchito mulibe, ndiye mwati muphenso yangayi? Ana adya shafiti?"

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ankanena zoona. Ndinaitana aneba onse kuti adzaone okha kuti chitsulocho n'cha makina basi. Ndinamangirira mtengo pamakinapo, n'kuyatsa mota. Inazungulira bwinobwino, ine chifuwa n'kuyamba kutukumuka. Nditangogunditsa tchizulo pamtengopo kuti ndiyambe kusema, ndinamva kuti thyo! Shafiti inaduka ngati bisiketi, chidutswa n'kuuluka kukagwera m'chiwaya chomwe chija.

A Nachisale anagwedeza mutu mwachifundo.

"Mwaona? Chabwerera kwawo. Mankhwala safuna gulu!"

Mayi a Joyisi anayamba kukwera minibasi kukagulitsa ku Bangwe, kumene dzina langa silinafike.

Mwamuna wopanda ntchito musamamusiye yekha ndi mbaula.