A Zitsekero ndi Mvula Yoyamba

Mvula yoyamba ikagwa, denga la chipatala chathu limadontha, ndipo aliyense amakoka tebulo lake kuthawa madzi. Tebulo likasuntha, mawaya a kompyuta amazuka. Ozula tinalipo ambiri, koma wodziwa pobwezera anali mmodzi: a Zitsekero, amene tinawaika m'manda m'chilimwe chapitachi, fumbi lili koboo.

Bambo ameneyu ankadana ndi bowo losatseka. Pansi pa matebulo athu pali timabokosi tolumikiza makompyuta, timene amati maswichi, kalikonse ndi mabowo ake olowetsamo mawaya. Bowo likakhala lopanda waya, iwo ankadula kachidutswa ka patapata n'kutsekapo. Patapata aliyense wovulidwa pakhomo anali pangozi. Mlonda wathu anayenda dzinja lonse chidendene chili pansi.

"Akulu, nsapato yanga mwaitani?"

"Yalembedwa ntchito, mphwanga. Uzinyadira. Iwe uli pageti, iyo ili mu ofesi."

Ankatiphunzitsa tisanawafunse. "Swichi yaikulu ya m'chipinda changa ili ndi mutu, imamva malangizo. Koma tating'onoti n'tamiseche. Kakamva kanthu pabowo ili, kamauza mabowo onse. Ndiye wina atenge waya mmodzi, nsonga zonse ziwiri alowetse m'kabokosi kamodzi. Kamadziuza kokha, n'kudzimva, n'kudziuzanso, mpaka chipatala chonse kugontha."

Mdani wawo anali amayi a ku famase, kopereka mankhwala, munthu waukhondo, wosafuna kuona waya akulendewera. Akamupeza ankamulowetsa paliponse pamene wakwana.

"Mayi, waya uyu mwamukwatitsa kwa mlongo wake!"

"Ndiye azingolendewera ngati mchira wa khoswe?"

"Alendewere! Umbeta si matenda."

Atatopa, a Zitsekero anailangiza swichi yaikulu ija kuti ikangomva mawu ake omwe akubwerera kuchokera m'chipinda china, izitseka khomo la chipindacho mpaka mawuwo atasiya. "Bola kufe khomo limodzi kusiyana ndi nyumba yonse," anatero. Khomo lomwe linkafa linali la ku famase nthawi zonse, ndipo awiriwa ankapatsana moni ngati akulipira msonkho.

Koma atadwala, n'kugonekedwa m'wodi yathu yomweyi, amene anawagulira mapatapata atsopano opitira kubafa anali amayi omwewo. Kutacha anawapeza onse awiri alibe zidendene. Wodwalayo anangoloza kabokosi ka pansi pa tebulo la anamwino. Mawu anali atawathera kale.

Tsopano mapatapata amagona pakhomo athunthu, ndipo palibe amene amakondwa nazo. Mlonda amavula ake pakhomo pa chipinda cha malemu, chokhoma tsopano, ngati waiwala.

Lero m'mawa mvula ija yagwa. Takoka matebulo, tatchera mabeseni. Posakhalitsa kompyuta ya ku famase yangoti zii. Mankhwala amene adokotala alembera odwala amaonekera m'menemo, ndipo pakhonde mzere unali utafika pamadzi. Kutsogolo kunali mayi wobereka mwana wotentha thupi, akumufunditsa ndi nsalu yonyowa. Katswiri watsopano amakhala kutali. Pafoni wati msewu ndi matope, mwina mawa.

Ine ntchito yanga ndi kulemba mayina a odwala. Ndapita ku famase poti panalibenso wina woti apite. Ndapeza amayi atakhala, manja ali pamiyendo.

"Sindinakhudze kanthu, mwanangu," atero. Kenako, motsitsa mawu: "Ndinangokonzako pang'ono."

Ndagwada pasimenti yonyowa. Ndagwira waya woyamba n'kumutsata ndi zala, monga ndinkawaonera malemu. Wandifikitsa pakompyuta. Wachiwiri wandifikitsa kukhoma. Wachitatu wazungulira mwendo wa tebulo, wadutsa kuseri kwa beseni, n'kubwerera m'kabokosi komwe anachokera. Ndazula nsonga imodzi.

Tadikira, madzi akudontha m'beseni. Kenako kompyuta yatsegula maso, ndipo amayi aitana mayi wa mwana uja pawindo. Akumuwerengera mapiritsi ndi dzanja limodzi, avula patapata wawo n'kundikankhira ndi phazi, lumo lili pamwamba pake.

Ndadula kachidutswa pachidendene, ndatseka bowolo.