Mtedza Umene Ndinathira m'Lipenga

Mpaka lero, bandi ya malipenga ikamaimba penapake ife tili pomwepo, mayi a kunyumba kwanga amandigwira dzanja lamanja n'kulipanikiza pabondo pawo mpaka nyimbo ithe. Anthu amati ndi chikondi cha nkhalamba. Si chikondi ayi, ndi ulonda, ndipo chifukwa chake chilipo.

Zinachitika m'zaka zoyambirira za Chitaganya, ndevu zanga zikungotuluka kumene. Kwathu n'cha ku Kabudula, ndipo malipenga amene tinkawadziwa anali a mganda, a zikho aja. Pa mganda pali mwambo wake. Wovina kapena woliza akakusangalatsa, sukhala phee ngati chitsa. Umalowa m'bwalo, n'kumupukuta thukuta, n'kumufupa ndi chimene uli nacho, kaya dzira, kaya nzimbe, kaya kafodya. Wongoonerera osafupa tinkamutcha woumira. Ine ndinali wotchuka pa nkhani yofupayi (ngakhale kuti zofupazo nthawi zambiri zinali za amayi).

Velonika ndinakumana naye pa msika wa fodya ku Nsaru akugulitsa thobwa. Ndinamwa thobwa lambiri chaka chimenecho mpaka tinagwirizana. Koma mawu omaliza anali a atsibweni ake, a Kalisito, mwini mbumba, amene ndinali ndisanawaonepo. Iwowa anali atabweza kale anyamata angapo, wina chifukwa choti anafika pakhomo akuimba mluzu. Akanandikana, nkhani ya ine ndi Velonika ikanathera pomwepo.

"Mubwere Lamulungu likudzali ku mishoni kwathu," anatero Velonika. "Kuli chikondwerero, Misa ikatha kuimba bandi. Ikakatha bandiyo ndikakulozerani atsibweni. Koma chonde inu, mukadzigwire. Iwo aja munthu wopupuluma safuna n'kumuona komwe."

"Kodi ine ndine wopupuluma?"

"Eya, inuyo."

Panali chinthu chimodzi chimene anaiwala kundiuza, ndipo mpaka lero timatsutsana kuti wolakwa ndani.

Amayi anati kwa eni mbumba sapita chimanjamanja. Anasankha mtedza wosenda, waukuluukulu wokhawokha, n'kuumanga pampango kuti ndikapereke kwa a Kalisito. Ndinabwereka jekete kwa msuweni wanga, n'kulawirira ulendo wapansi.

Misa itatha, anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Oimba anatuluka atavala makhaki, n'kukhala pamabenchi ndi malipenga achitsulo onyezimira moti kuwayang'ana kumafuna kutsinzina. Kutsogolo kwawo kunaima bambo mfumu wachizungu wandevu zambiri, kandodo kali m'manja, atatifulatira tonse (kwathu zimenezo n'zamwano, koma palibe anadandaula).

Kandodo katangotsika, thupi langa lonse linachita tsembwe. Ndinene zoona, sindinamvepo chinthu chokoma chotero. Timalipenga tating'ono tinkathamanga pamwamba, lina lalitali ankalikoka n'kulibweza, ng'oma ikuyankha. Koma chimene chinandigwira mtima chinali chilipenga chachikulu cha kumapeto kwa benchi, chopindikapindika, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba. Chimenecho sunkachimva ndi makutu okha, unkachimva m'mimba. Ankachiliza bambo wina wamfupi wadazi, atachifungatira pamiyendo, masaya atatupa, thukuta lili kamukamu.

Nyimbo yoyamba itatha, anthu anaomba m'manja pang'ono n'kukhala chete. Palibe analowa m'bwalo, palibe anaponya ngakhale kachidutswa ka nzimbe. Zinandiwawa. Ndinati mumtima, anthu a ku mishoni n'ngoumira chonchi, eti?

Pa nyimbo yachiwiri miyendo inandikanika. Ndinaimirira n'kuyamba kuponda sitepe ya mganda pomwe ndinalipo, mpaka gogo wina kumbuyo anandikoka jekete. "Takhalani pansi bambo inu, mukutitchinga!" Ndinakhala. Nditayang'ana kwa akazi ndinaona Velonika akundipukusira mutu mwamphamvu. Ine ndinati nayenso nyimbo yamulowa, ndipo ndinamupukusira wanga.

Nyimbo yachitatu ndiyo inandipha. Pakati pake malipenga onse anatsika mawu, bambo mfumu n'kuloza kandodo kwa bambo wadazi uja, chilipenga n'kuyamba kulira chokha, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yoitana mwana wake. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Thukuta linali likuwalowa m'maso bambowo, manja onse ali pantchito, ndipo khamu lonselo linangopenya. Ndinati ayi, ine ndinaleredwa.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kulowa m'bwalo. Ndinatulutsa kansalu kanga m'thumba n'kuwapukuta pamphumi, kenako padazi ponse, mosamala ndithu. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, koma popeza pakamwa panali lipenga, sakanatha kunena kanthu. Ine ndinati akuthokoza.

Tsono inatsala mfupo. Chimene ndinali nacho chinali mtedza uja basi. Ndinaganiza kuti a Kalisito ndidzawabweretsera wina, mtedza kwathu sunali wosowa. Vuto linali pouika. Manja awo anali otanganidwa, matumba atabisika kuseri kwa chitsulo, pansi nkhuku za pa mishoni zikuyendayenda. Koma pamaso panga penipeni panali kukamwa kwa chilipenga, kotambalala bwinobwino ngati dengu. Ndinamasula mpango n'kukhuthuliramo wonse.

Poyamba kunamveka wayawaya, mtedza ukutsetsereka. Kenako chilipenga chinachita phokoso limene sindingalilembe m'nkhani yowerenga ana. Bambowo anakoka mpweya, n'kuuzira ndi mphamvu zawo zonse mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, koma sikunatuluke kanthu. Malipenga ena analeka limodzilimodzi. Wang'oma yekha, amene sanaone chimene chachitika, anapitiriza pang'ono, nayenso n'kusiya. Bambo mfumu anatembenuka kandodo kali m'mwamba, n'kunena mawu ena a chinenero cha kwawo amene sindikhulupirira kuti anali a m'Misa.

Bambo wadazi uja anaimirira, n'kuzondotsa chilipenga, n'kuchigwedeza. Mtedza unamwazika pansi, ana ndi nkhuku n'kuyamba kulimbirana. Anthu anaseka mpaka ena kugona chagada. Pamenepo ndinaona Velonika akubwera atadziphimba kumaso ndi nsalu. Anagwada patsogolo pa bambowo.

"Pepani atsibweni," anatero. "Ndi aja ndinkanena aja."

Ndinakhala pansi pafumbi ndi jekete ya eni ake.

"Ndi amenewa?" anafunsa a Kalisito.

"Eya."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mtedzawu mumapita nawo kuti, bambo?"

"Unali wanu womwe. Amayi anandipatsira kuti ndidzakupatseni."

"Ndiye mwandipatsatu," anatero.

Bandi inapitiriza popanda chilipenga chachikulu, ndipo nyimbo zake zinali ngati ndiwo zopanda mchere. Ine ndi a Kalisito tinakakhala kuseri kwa tchalitchi. Mtedza wambiri unali utakakamira m'makhotamakhota a chitsulo chija, moti tinkachita kuchizunguza awiri, iwo atagwira uku, ine uku, kamtedza n'kugwa, n'kuzunguzanso. Dzuwa linapendeka tili pa ntchito imeneyo. Ndinkadziwa kuti Velonika ndamutaya, ndipo mtima unkandipweteka kwambiri.

Kenako a Kalisito anatola kamtedza kamodzi pansi, n'kukauzira fumbi, n'kukatafuna.

"Mtedzawu mumalima nokha?"

"Ine ndi amayi."

"Wakhwima bwino." Anatafunanso kena. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuliza lipengali, anthu amangoyamika timalipenga tating'ono tija. Ine akuti ndimangofwenthera kumbuyo. Wondifupa woyamba ndinu." Anandiyang'ana m'maso. "Koma ndinu chitsiru, mukudziwa?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Chitsiru chodziwa kuti n'chitsiru tingathe kukhala nacho pamudzi. Mukawauze atsibweni anu abwere tidzakambirane."

Chikamwini changa chinali ndi ntchito imene akamwini anzanga analibe. Kulikonse kumene bandi yaitanidwa, kaya ku Mpingu, kaya ku Namitete, wosenza chilipenga ndinali ine, ndipo poimba ankandikhazika kutsogolo penipeni, manja onse ali poonekera. Sindinadandaule, chifukwa malo abwino omvera bandi kuposa amenewo kulibe. Kamtedza kamodzi sikanatulukemo konse. Lipenga likafika pa mawu otsikitsitsa kankanjenjemera m'katimo, ndipo pa ukwati wathu ndinakamva bwinobwino. A Kalisito anandiyang'ana ali chilizire, ine n'kuyang'ana pansi.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti lipenga si dengu, zimenezo inde. Koma zakuti munthu azikuimbira mpaka thukuta kulowa m'maso iwe n'kungoomba m'manja, sindinazivomerezebe. Chaka chatha pa ukwati wa mdzukulu wathu kunabwera bandi, ndipo kumapeto kwa mzere kunali mnyamata wa chilipenga chachikulu amene palibe ankamuyang'ana. Velonika anandigwira dzanja lamanja monga mwa nthawi zonse. Anaiwala kuti mtedza ndinauika m'thumba lakumanzere.