Mmene Ndinasankhira Nambala 7 pa Bwalo la Mtendere

Popeza nkhaniyi yazungulira kale msika wonse wa Mtendere, ndipo aliyense woifotokoza akuthirapo mchere wake, ndaona kuti ndi bwino muimve kwa mwini wake, mwadongosolo ndi m'chilankhulo chomveka. Sekani ndithu, anzanga. Ine ndinayamba kale.

Mdzukulu wanga Tiyamike, wa zaka khumi ndi zisanu, amasewera mpira m'timu ya atsikana ya muno m'komboni. Mphunzitsi wawo ndi a Mulenga, aja owotcherera mageti. Tsiku lina anafika kwathu chipewa chili m'manja, nandiuza kuti Loweruka kudzabwera a Sakala, ochokera ku timu yaikulu ya m'tauni, kudzatenga mtsikana mmodzi yekha woti akayesedwe kumeneko. A Sakalawo anali atanena kuti adzafika masewero atatha, choncho ankafuna kudzapeza mndandanda wa atsikana onse, kuyambira woposa anzake mpaka wotsiriza. A Mulenga sakanaulemba okha, chifukwa amayi a anawo akanawasamutsa m'komboni. Ankafuna munthu wosakondera.

Ndinawakumbutsa kuti mdzukulu wanga ali m'timu yomweyo. Iwo anati palibe vuto, popeza Mtendere yense akudziwa kuti pamene ndinali mphunzitsi ndinalepheretsapo mayeso mwana wanga wobala ndekha. Zimenezo n'zoona, ndipo anayenera kulephera. Ndinavomera ntchitoyo, ngakhale ndinkadziwa kuti Tiyamike anali atatha miyezi itatu akudzuka mbandakucha kukathamanga chifukwa cha mwayi umodzi womwewo.

Njira yanga inali yomwe tinaphunzira kukoleji: wochonga mayeso saona dzina, saona nkhope, amaona nambala basi. Kodi pali njira ina yachilungamo yoposa imeneyo?

Loweruka a Mulenga anandipatsa pepala. Linali ndi mayina khumi ndi limodzi, lililonse ndi nambala ya jezi yake, ndipo m'munsi munali mayina ena asanu ndi atatu opanda nambala. La Tiyamike linali m'munsimo.

"Manje ambuya," anatero a Mulenga, "kuli vinthu vamene mufunika kuziba pa majezi aya."

"Zinthu, a Mulenga, osati vinthu," ndinawayankha. Ndinawauzanso kuti wochonga salandira malangizo kwa mphunzitsi wa ana amene akulemba mayeso. Anatsegula pakamwa, ndinakweza chala, anatseka. Chala chimenecho chinagwira ntchito zaka makumi atatu m'kalasi, ndipo tsikulo chinandipweteketsa ine ndemwe.

Ndinakakhala pakhonde la tchalitchi, kutali ndi fumbi ndiponso kutali ndi amayi amene akanafuna kusuzumira m'kope langa. Pamphuno ndinali ndi magalasi owerengera, amene amayeretsa pepala koma amasandutsa anthu akutali kukhala ziboliboli. Sizinandidetse nkhawa. Manambala oyera akumsana ankaoneka, ndipo nkhope ndinalibe nazo ntchito.

Anasewera ndi atsikana a ku Kalingalinga. Poyamba pomwe maso anga anagwera pa nambala 7, kamtsikana kakafupi kothamanga uku ndi uku. Ndinalemba kuti ndi wakhama. Patapita mphindi khumi kanathamangira kuseri kwa chitenje chimene amayi awiri anali atachitambasula pafupi ndi golo, ndipo posakhalitsa nambala 7 anatulukanso. Ndinalemba kuti ndi waulemu, sakumwera madzi pamaso pa akuluakulu. Atabwerera anayamba kumenya mpira ndi mwendo wamanzere, pamene poyamba ankamenya ndi wamanja. Ndinalemba kuti miyendo yonse iwiri ndi yake, ndi kudula mzere kunsi. Ndinaonanso kuti watalikirapo. Kodi mukuganiza kuti ndinadabwa? Ndinalemba, ndi dzanja langali, kuti mwana akayamba kudzidalira amawongoka msana.

M'chigawo chachiwiri nambala 7 anapitanso kuseri kwa chitenje, natuluka ali ndi mphamvu ngati wangodzuka kumene. Anagoletsa zigoli ziwiri, chachiwiricho ndi mutu. Ndinalemba mawu amodzi okha: satopa. Manambala enanso ankalowa ndi kutuluka kuchitenjeko, ndipo ndinayamikira mumtima kuti a Mulenga, ngakhale amaswa chilankhulo, ana amawaphunzitsa mwambo.

Masewero atatha ndinatenga rula ndi cholembera chofiira. Woyamba, nambala 7, amene papepala anali Mwaka. Asanu ndi atatu opanda nambala aja ndinawaika kumapeto motsata alifabeti, ndipo Tiyamike anagwera pansi penipeni, pa khumi ndi chisanu ndi chinayi, ndi ndemanga yoti sanaoneke. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakonza zoti ndikawafunse a Mulenga patokha chifukwa chimene anamusiyira mwanayo kunja. Koma ndisaname, munalinso kakunyada: onani mayi amene sakondera ngakhale magazi ake.

A Sakala anafika, anthu anasonkhana pakati pa bwalo, ine ndinakwera pa kireti. Ndinalengeza kaye kuti chimene chalembedwa sichisintha, ndipo wodandaula asunge mpweya wake. Kenako ndinayamba kuwerenga kuchokera pansi, maso ali papepala. Nditatchula Tiyamike ndi ndemanga yake, anthu anang'ung'udza. Ndinayesa kuti akugoma ndi chilungamo changa, ndipo ndinawapempha kuti agome mwakachetechete. Ndinakwera nawo mndandanda mpaka pamwamba, ndinawerenga ndemanga zonse za wopambana osasiya ndi imodzi yomwe, ndi kuitana kuti nambala 7, Mwaka, abwere kutsogolo.

Kunabwera anthu atatu.

Kuchokera kumsewu kunabwera kamtsikana kakafupi, beseni la zitumbuwa lili pamutu, mapazi ali oyera. Pansi pa mtengo panadzuka mtsikana wamtali wotchedwa Bwalya, akutsimphina mwendo wamanzere. Ndipo pakati pa osewera panatuluka wovala jezi ya nambala 7, fumbi mpaka m'mawondo. Ndinavula magalasi. Anali Tiyamike.

A Mulenga anafotokoza modekha, monga munthu amene wadikira nthawi yake, kuti timuyo ili ndi majezi khumi ndi limodzi, atsikana khumi ndi asanu ndi anayi. Wotuluka amakavulira kuseri kwa chitenje, wolowa amavala jeziyo ndi thukuta lake lomwe. Mwaka anasewera mphindi khumi, amayi ake anamuitana kukagulitsa. Bwalya analandira, kenako Tiyamike. Zimenezi amazidziwa aliyense m'komboni, ngakhale agalu a pabwalopo, kupatula mayi mmodzi wa satifiketi ya kukoleji amene anaima pa kireti.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, koma amake Mwaka sanaseke. Anamanga chitenje m'chiuno nati, "Ambuya bakamba beka ati cholembewa sichisintha. Olo manje chizasintha chifukwa ni muzukulu wao?"

Ndikanayankha chiyani? Kusintha, ndiye kuti ndakondera. Kusasintha, ndiye kuti ndatumiza m'tauni mwana wa mphindi khumi, ndi kulanda mdzukulu wanga zigoli zake pamaso pa anthu. A Sakala anayang'ana wotchi, natulutsa cholembera kuti alembe dzina la Mwaka. Tiyamike anayang'ana pansi. Ankangokumba fumbi ndi nsonga ya nsapato, ndipo zikanakhala bwino akanalira.

Ndinatsika pa kireti, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kukoleji ndinavomera pagulu kuti ndachonga molakwa. Ndinapereka kope langa kwa a Sakala kuti aweruze okha, chifukwa ndemanga iliyonse ndinali nditailembera mphindi yake. Iwo anaitana amayi awiri ogwira chitenje aja, amene ankadziwa bwino amene anavula ndi amene anavala, nayamba kugawa ndemanga zanga mokweza ngati akugawa ndiwo. Khama ndi ulemu zinapita kwa Mwaka. Mwendo wamanzere ndi msana wowongoka, kwa Bwalya. Zigoli ziwiri, kwa Tiyamike. Kusatopa kunasowa mwini wake. A Sakala analemba dzina la Tiyamike, namuuza kuti afike Lolemba. Amake Mwaka anagonja pokhapo nditawalembera za khama ndi ulemu wa mwana wawo papepala lapadera, ndi kusayina.

Pobweza kope, a Sakala anagwira chigongono mwaulemu wonse nati, "Ambuya, uyu mwana wamene mwalemba apa, wamene atalimpa pakati pa geimu, mukamupeza ali umozi munitumile foni. Uyo nizamutenga kopanda mayeso."

Tiyamike anayenda patsogolo panga njira yonse osatembenuka. Titafika pakhomo anaima, nagogoda chitseko cha nyumba imene anakuliramo, nandifunsa ndi nkhope yosaseka ngati angalowe ngakhale alibe nambala.

Ndalumbira, anzanga, ndipo mukhale mboni. Wofuna kuti ndimusanjire zinthu andibweretsere tomato kapena mazira. Chilichonse chotha kuvula malaya, akasanje ena.